Ulemu kwa Maikolofoni Yogona Patebulo

Goliati si dera lachilendo kwa maikolofoni. Kuno n'kwawo kwa Bingu wa Mutharika ndi mng'ono wake Peter, onse atsogoleri a dziko, ndipo pa 23 April 2012, tsiku limene Bingu anaikidwa m'manda ku Ndata, zokuzira mawu zinatumikira akuluakulu ochokera m'mayiko angapo. Koma imene anthu amaidziwa ndi ya m'manja, ija woyendetsa mwambo amayamba waigogoda n'kuiuzira mpweya asanaipereke ndi manja awiri kwa mlendo wolemekezeka. Imeneyo yatamandidwa mokwanira. Lero nthungululu zipite kwa mng'ono wake wonyozeka, wophwatalala, wogona chafufumimba patebulo, amene akatswiri amamutcha boundary kapena PZM.

Nzeru yake inachokera kwa Ed Long ndi Ron Wickersham ku America mu 1978, ndipo kampani ya Crown inayamba kuigulitsa mu 1980. Kugonako si ulesi. Maikolofoni yoimikidwa pachitsulo imamva mawu kawiri: ochokera m'kamwa, ndi ena obwerera atagunda tebulo kapena simenti. Obwererawo amafika mochedwa pang'ono, ndipo akakumana ndi anzawo amafafanizana mbali zina, wolankhula n'kumveka ngati walowetsa mutu m'ndowa. Yogonayi khutu lake lili pafupi kwambiri ndi thabwa, choncho mawu onse awiri amafika pamodzi n'kuphatikizana, mphamvu n'kukwera ndi ma decibel 6. Ndani wina anakwezedwapo chifukwa chogona pansi?

Ukulu wake weniweni ndi wakuti sidziwa udindo. Ya m'manja ili ndi mwambo: imamvera amene waigwira, ena onse akhale chete. Iyi ayi. Imatola chilichonse chochokera pamwamba pa tebulo, kumanja, kumanzere ndi kutsogolo. Itaikidwa pa msonkhano wa komiti ya ukwati pa Goliati, mawu a wapampando angalowe mu sipika limodzi ndi supuni yotakasa shuga mu tiyi wa ku Satemwa, chala cha msungichuma chogogoda thabwa pamene afunsidwa za ndalama za perekaniperekani, ndi kanong'onong'o ka ankhoswe kakuti mtengo wa matimati umene walembedwawo si wa pamsika uno. Onsewa imawapatsa ulemu wofanana. A Gulupu akatsokomola, yamva. Mayi wa kumapeto akati "bodza limenelo" chapansipansi, yamvanso, ndipo holo yonse yamva nawo.

M'banja mwake khalidweli lilimo ndithu. Mu April 2010, ku Rochdale, nduna yaikulu ya Britain, Gordon Brown, inalowa m'galimoto itaiwala kamaikolofoni kopanika pa jekete n'kuyamba kunena mayi wina amene inangocheza naye. Dziko lonse linamva, ndipo patangopita masiku ochepa chipani chake chinagonja pa chisankho. Koma kameneko kanali ka munthu mmodzi. Yogonayi imasamalira tebulo lonse.

Monga aliyense waulemu wake, ili ndi zofuna. Yambiri imadya magetsi a 48 volts ochokera ku mikisa kudzera m'chingwe chomwecho, ndiye mnyamata wa zokuzira mawu akaiwala kudina batani, imangoti zii. Imafuna malo otakata. Pa kampando kakang'ono mawu a besi amathawa. Ndipo popeza sioneka ngati maikolofoni, mlembi amaiyesa chopsinjira mapepala n'kuiunjikira maminitsi a msonkhano wathawo, holo n'kumamva kukhwekhwereza kokhakokha. Ikayandikana ndi sipika imalira mokweza mpaka ana kutseka makutu, chifukwa yosasankha mawuyo imatolanso a sipika yomwe ikuwatulutsa. Pabwalo la msonkhano wa ndale, pamene masipika amaunjikidwa pa lole, musaiyembekezere. Andale sanadandaulepo.

Ntchito zake ndi zimene anzake oimirira amazikana. Imagona m'mphepete mwa siteji ya zisudzo, kumene osewera amaiponda. Imamatidwa kunsi kwa chivundikiro cha piyano. Ina, Shure Beta 91A, oimba amaiponya pa pilo m'kati mwa ng'oma yaikulu yopondedwa ndi phazi, n'kukhala mmenemo usiku wonse ikulandira kugunda kulikonse pamphumi, pamene ya m'manja ili kutsogolo kujambulitsa zithunzi ndi woimba.