Akamwini anandilipirira kuyenda wapansi

Pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, cholinga changa chinali chimodzi basi: kusiya kuyenda wapansi. Anzanga ankalota nyumba ya malata, ena digiri. Ine ndinkangofuna kukhala pampando, msewu uzidziyendera wokha kunsi kwanga. Ndinayamba ndi njinga yakapalasa, kenako yamoto ya ngongole, ndipo popuma ntchito ndinali nditafika poti ngakhale kokagula mchere ndimaitana wakabaza.

Ndiye mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa ku Germany anatitumizira matikiti, ine ndi mayi ake. Akamwini anga, munthu waulemu wake ndithu, anati atikonzera tchuthi chapamwamba m'chigwa cha mtsinje wa Mosel, kumene amalima mphesa za vinyo. Makutu anga anatola mawu awiri okha, tchuthi ndi vinyo. Ndinalongeza suti, tayi ndi nsapato zosongoka zija ndimavala ku zinkhoswe.

Titafika anandipatsa mphatso: jombo zolemera ndi ndodo ziwiri zachitsulo. Ziwiri, abale. Ndinacheukira mayi a kunyumba kuti mwina anawauza pafoni kuti ndikudwala miyendo.

Kumeneko kuli njira ya wapansi yotchedwa Moselsteig, yotalika makilomita 365, kuchokera ku Perl, kumalire ndi France ndi Luxembourg, mpaka ku Koblenz kumene Mosel amathira mu Rhine. Ndi mtunda woposa wa Lilongwe kukafika Blantyre. Anaidula m'zigawo 24, ndipo pali anthu amisinkhu yathu ino, ena imvi mbuu, amene amasunga ndalama chaka chathunthu kuti akaiyende. Musaganize kuti zokwera zasowa. Msewu wa tala uli pomwepo m'mbali mwa madzi, sitima zapamadzi zikungoyandama, m'madera ena yapamtunda nayo ikudutsa. Zonsezo amazisiya kumusi, iwo n'kukwera phiri kuti akazione bwino zikuwapitirira. Mwamwayi akamwini anatisankhira zigawo zochepa chabe. Anati poganizira msinkhu wanga.

Chimene chinandiwawa mtima kwambiri ndi nkhani ya katundu. M'mawa uliwonse kunkabwera kagalimoto kudzatenga masutikesi athu n'kupita nawo ku hotela yotsatira. Eni ake kutsala. Ndinaima pakhomo, jombo kuphazi, kuonerera sutikesi yanga ikunyamulidwa ndi manja awiri, kuikidwa pabwino, chitseko n'kutsekedwa mwaulemu. Ndinamukokera mwana wanga pambali.

"Mwanawe, tawafunsa adalaivalawo. Kumbuyoko malo alipo, ine sindivuta, ndipindika."

"Adadi, chonde musatichititse manyazi. Apongozi anu alipira ndalama zambiri kuti inu muyende."

Tsopano za phiri la Calmont, pakati pa Bremm ndi Ediger-Eller. Amati munda wa mphesa wa pamenepo ndi umodzi mwa minda yotsetsereka kwambiri mu Ulaya monse, malo ena mpaka madigiri 65. Ine za madigiri sindinapite nazo patali, koma ndikuuzeni chomwe ndinaona: mutaimirira m'munda umenewo, mzere wakutsogolo kwanu uli pamphuno, wakumbuyo uli kunsi kwa zidendene, ndipo kunsi kwa umenewo kuli denga la tchalitchi. Kanjira kake n'kopita munthu mmodzi, pena makwerero achitsulo, pena chingwe chokhomerera m'thanthwe choti mugwire. Pansi palibe dothi loti munthu angalitchule dothi. Ndi timiyala tathyathyathya totuwa, tonga masileti tinkalembera kusukulu aja, ndipo ukaponda timasereleka n'kumalira tikutsika, kukuuziratu njira imene udzere ukaphonya.

Ndili nga-nga-nga pachingwe, maso tseke, akamwini ndi pamene anaona kuti ndi nthawi yabwino yondiphunzitsa.

"Bambo, mukuona miyalayi? Masana imasunga kutentha kwa dzuwa, usiku n'kumaipatsa mipesa. Kuno n'kozizira, ndiye munda umayenera kupendekera kummwera kuti dzuwa liziwomba bwino. N'chifukwa chake mphesa za Riesling zimapsa."

"Zikomo kwambiri, apongozi," ndinatero, osatsegula maso.

Anapitiriza kuti ulimi umenewu unabwera ndi Aroma zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Ine mumtima ndinangoti makolo a anthu awa anayambana ndi mfumu yogawa minda, palibenso china. Thirakitala singakwere kumeneko. Kudulira, kumangirira, kukolola, zonse ndi manja, ndipo pamalo ambiri mpesa uliwonse uli ndi mtengo wakewake woyedzamira. Chokwera chokhacho chimene ndinachiona ndi kangolo ka injini koyenda pa njanji imodzi, kokhala ndi kampando kamodzi kutsogolo, kumbuyo malo a makireti. Kanatidutsa kakulira, makireti ali phee m'menemo. Mphesa nazo zimakwera. M'dziko limenelo woyenda wapansi ndi mlendo yekha amene walipira.

Nanga mayi a kunyumba? Musandifunse. Munthu amene anakulira kuchigayo ndi kumjigo, chitenje pamwamba pa buluku, ndodo zake ziwiri atazinyamula pamutu, ankatsogola akuimba nyimbo za kwaya. Azungu ankawapatukira ndi kuwajambula. Akafika pamwamba ankakhala pabenchi n'kumafuula phiri lonse kumva: "Abambo, kodi mukubwera, kapena titumize anthu?"

Madzulo ndiye inali nthawi yanga. Alimi ena akamagulitsa vinyo wawo pakhomo amapachika nkhata ya masamba kapena tsache pachipata, ndipo lamulo limawalola kutero miyezi inayi pachaka. Tsache limenelo ndinaphunzira kuliona ndili kutali, ine amene sinditha kuwerenga nyimbo m'tchalitchi popanda magalasi. Tinalowa m'chipinda chapansi chozizira, migolo ndandanda. Mwini wake anatulutsa tambula yaikulu n'kuthiramo kadontho kongonyowetsa pansi pake. Ndinadikira kuti apitirize. Anatseka botolo.

Mwambo wake ndi wakuti uzunguze tambulayo, ulowetse mphuno, kenako unene chimene ukumva. Wina anati apozi. Wina pichesi. Akamwini anatsinzina nthawi yaitali n'kunena kuti akumva mwala wonyowa, onse n'kugwedeza mitu. Itafika nthawi yanga ndinati ndikumva fungo la mowa, koma mwana wanga pomasulira anayankhula mawu ambirimbiri, mwini munda mpaka kundigwira chanza. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinanena chiyani. Patebulo panalinso kachidebe koti ukalawa ulavuliremo. Makilomita onse aja, matuza kuphazi, kuti ndidzalavule? Changa chinabwerera chouma.

Koma chimene chinandigwetsa ndi Federweisser, vinyo wosakhwima amene amamwa nyengo yokolola limodzi ndi chitumbuwa cha anyezi. Ndi wotuwa, wotsekemera, ngati thobwa logona masiku awiri, ndipo amakhala akuwirabe, moti botolo lake salitseka kwambiri kuopa kuphulika. Ndinawatsimikizira mayi a kunyumba kuti ichi si mowa, ndi chakumwa cha ana. Anangondiyang'ana. Chimene sanandiuze wina aliyense n'chakuti ukachimwa chimakapitiriza ntchito yake m'mimba. M'mawa mwake, tili pakati pa phiri, ndinazindikira kuipa kwa minda ya anthu aukhondo: mizere yowongoka, tchire kulibe, munthu amakuonera kutsidya la mtsinje. Tsiku limenelo ndinawapitirira onse, ndi mayi a kunyumba omwe, ndipo akamwini anauza mwana wanga kuti thupi la bambo layamba kuzolowera.

Nditabwerera kuno ndinapita pabawo kukaonetsa zithunzi. Foni inazungulira bwalo lonse, anthu ali chete. Kenako mkulu wina, amene ana ake onse anakwatiwa pafupi, anaibweza n'kupukusa mutu.

"Achimwene, tisabisane. Ndege ndiye munakweradi. Koma mwana uja akuvutika. Mwamuna woyendetsa apongozi ake wapansi m'minda ya eni, ngakhale njinga alibe?"

Ndinayesa kufotokoza za sutikesi ija, kuti inkakwera galimoto tsiku lililonse. Anati ndiye bola mukanatumiza sutikesiyo yokha.