Woyimba wapaulendo: mitundu yake, mayendedwe ake ndi mabweredwe ake

Woyimba wapaulendo ndi munthu amene amachoka kwawo ndi gitala kukayimba kudziko la eni, n'kubwerako ndi gitala yomweyo ngati zayenda bwino. Mu Lusaka amapezeka kwambiri cha ku Kamwala, chifukwa Intercity, pokwerera mabasi opita kunja, ili pafupi pomwepo, ndiponso jekete yonyezimira ya pasalaula imatsika mtengo dzuwa likapendeka.

Alipo a mitundu itatu. Woyamba ndi wapandege. Chitsanzo chake ndi Emmanuel "Jagari" Chanda wa gulu la WITCH, lomwe linagwedeza Zambia ndi nyimbo za Zamrock m'zaka za m'ma 1970. Nyimbozo zitazilala, mkuluyu anakakumba miyala yamtengo wapatali, koma mu 2017 gululo linakayimba ku Ulaya, ndipo mu 2023 linatulutsa chimbale cha Zango. Mbiri imeneyi yasokoneza mabanja ambiri ku Chawama ndi ku Matero, pakuti bambo aliyense wosunga gitala kunsi kwa bedi akafunsidwa za ndiwo amayankha kuti, "Amake mwana, Jagari nayenso anadikira." Wachiwiri ndi wapabasi, ndipo ndiye wochuluka. Wachitatu ndi wonyamula masipika, amene amaloledwa kugwedeza chisekese mwini wake akadwala. Mlembi wa nkhani ino ali m'gulu limeneli, ngakhale pafomu ya pachipata amalemba kuti ndi woyimba, m'zilembo zikuluzikulu.

Ulendo umayamba ndi foni ya pulomota, munthu wa mawu okoma amene amati zonse zili m'malo mwake, kwangotsala kuti oyimba adzilipirire okha basi, adzawabwezera akafika. Apa mpamene woyimba amapita kwa mkulu wa kaloba. Mbiri ikamveka m'komboni, achibale amabwera kudzatsazika, aliyense atatchula kale saizi ya nsapato yake.

Njira zodziwika ndi ziwiri. Yakum'mawa imatsata Great East Road, kudzera pa mlatho wa Luangwa, Chipata ndi chipata cha Mwami, kulowa Mchinji mpaka Lilongwe. Yakumwera imadzera Chirundu, Harare ndi Beitbridge kukathera ku Park Station mu Johannesburg, ndipo woyimba amafikako miyendo itatupa. Panjira zonsezi gitala imakhala pamiyendo, chifukwa kondakitala akaiona amafuna ilipire mpando wakewake. Ng'oma yaikulu siyenda yopanda kanthu: mkati mwake mumalongedwa zovala, ufa, kapenta ndi chikwanga cha mlamu wa munthu wina chopita kwa mwana wake ku Hillbrow. Pachipata, wofufuza katundu akakayika, amapempha mwini gitala kuti ayimbeko pang'ono. Woyimba weniweni amadutsa. Wamasipika amanena kuti zala zachita dzanzi ndi kuzizira, ngakhale pa Chirundu m'mwezi wa Okutobala.

Hotela yolonjezedwa ija kawirikawiri imakhala pabalaza pa mlongo wake wa pulomota. Gulu lonse limagona mothithikana ngati nsomba zouma za pa Luangwa, woyimba patsogolo pasofa, enawo pansi molingana ndi kufunika kwa chida chawo. Wachisekese malo ake ndi pakhomo, pomwe amagwiranso ntchito yotsegulira ana opita kuchimbudzi usiku. Za chakudya palibe chodandaula kwenikweni. Ku Harare nsima amaitcha sadza, ku Johannesburg pap, ndipo imakhutitsabe. Ovutika ndi apandege, amene amapatsidwa buledi ndi masamba osaphika n'kuuzidwa kuti chakudya ndi chomwecho.

Kuyimba kwenikweniko ndi kachigawo kochepa kwambiri ka ulendo wonse. Omvera amakhala a kwathu omwe, osowa kumudzi, ndipo nyimbo zatsopano za gululo sazifuna. Amakuwa kupempha za Paul Ngozi, za P.K. Chishala ndi za Amayenge, moti woyimba amayenda mtunda wonsewo kukatchukitsa anthu otchuka kale.

Malipiro ndi nkhani yofuna masamu. Zambia ndi Malawi onse ndalama yawo ndi kwacha, koma Zambia inachotsa maziro atatu pa yake mu 2013, ndipo mphamvu za ziwirizi n'zosiyana kutali. Pulomota wa ku Lilongwe akatchula malipiro pafoni, woyimba wa ku Kanyama amayamba kufunsa mtengo wa poloti. Akasintha mpukutuwo pa Mwami, zotsala m'manja zimakwana basi, nthochi ndi kuchaja foni. Kumwera vuto limeneli kulibe, chifukwa nyimbo yomaliza isanathe pulomota amakhala atapita kukaona kaye galimoto, foni yake itazima.

Mabweredwe ali ndi mwambo wake. Woyimba akatsika pa Intercity sapita kunyumba. Amawoloka kulowa m'masitolo a ku Kamwala, kugula chitenje cha mayi, nsapato za ana ndi kapafyumu ka apongozi, n'kukhala pakona kumatula mitengo yonse ndi chikhadabo. Kunyumba amalowa atavala magalasi akuda, akuyankhula mopinda lilime, ndipo katunduyo amaperekedwa monga wochokera ku Johannesburg. Apongozi amayamikira kwambiri, ngakhale botolo lotero analiona dzana m'sitolo yomweyo. Amene salandira mphatso ndi mkulu wa kaloba, yemwe amafika m'mawa mwake n'kunyamula sipika imodzi kuti aziisunga kufikira ulendo wina.