Zidzukulu za Tomasi M'nyumba ya Zithunzi

Anthu a mu mzinda wa Blantyre, amene amanyadira nyumba ya Mandala yomangidwa m'chaka cha 1882, ndiponso nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri yotsegulidwa mu 1966, ngakhale ambiri a iwo adapondako komaliza akali m'kabudula wa sukulu, aphunzitsi atawandandalika pamzere kuti akaone injini ya sitima yogona pabwalo, ali nacho chikhulupiriro chimodzi chosagwedezeka, chakuti munthu wogwira ntchito m'nyumba yoonetseramo zithunzi ndi zosemasema amalandira malipiro ake chifukwa chotenthetsa mpando. Mboni yotsutsa bodza limeneli ikhale nyumba ina ya zaluso ya mu mzinda womwewu, imene dzina lake tilibisa poopa kutaya abwenzi.

Kusanache bwino, amayi osesa amakhala atafika kale, pakuti adani a nyumbayi sagona: fumbi la m'chilimwe lolowera ngakhale pa kabowo ka kiyi, chinyezi cha m'dzinja chomeretsa chuku kuseri kwa zithunzi, chiswe chokwera khoma usiku kukadya mafelemu, ndi dzuwa lomwe, limene likaloledwa kusuzumira pazenera limasulutsa utoto. Amayiwa sadapite patali ndi sukulu, koma chosema chilichonse adachinyamulapo m'manja mwao, kotero kuti amasiyanitsa mpingo weniweni, umene umalemera mpaka kumira m'madzi, ndi mtengo wamba umene wosema wochenjera adaudetsa ndi polishi wa nsapato. Zimenezi sauza munthu, popeza palibe adawafunsa.

Dzuwa likakwera imayamba nkhondo ya abambo olondera pakhomo, amene adani ao ali ndi miyendo iwiri. Pakuti ngakhale pakhoma palembedwa ndi zilembo zazikulu kuti MUSAGWIRE, anthu a m'tauni muno ndi zidzukulu za Tomasi, ndipo sakhulupirira kuti chithunzi n'chithunzi kufikira atapisapo chala. Tsono chalacho, monga tidziwa tonse, chimakhala chitangochoka kumene pa chiwaya cha tchipisi. "Pepani achimwene, timaona ndi maso," amatero abambowo mofatsa, ndipo achimwenewo amabweza dzanja ndi nkhope ya munthu wonamiziridwa ufiti. Aliponso anyamata ndi asungwana ovala mochititsa kaso amene amalowa, nasankha chithunzi chokongola koposa, nachifulatira, kuti mnzao awajambule pafoni. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'nyumba yonseyi wodekha ndi mlonda yekhayo, amene pokhala moyang'anizana ndi chithunzi chimodzi tsiku lathunthu, adafika podziwa ngakhale pamene wojambula adafufutapo mwendo wa mbuzi.

Koma ulemerero wonse wa nyumbayi umaonekera tsiku lotsegulira chionetsero. Pa tsiku limene tikunenali, makalata oitanira anthu adanena kuti mwambo uyamba 2 koloko masana, ndipo mlendo wolemekezeka, podziwa kuti munthu wamkulu akafika pa nthawi yake amasanduka munthu wamba, adatulukira cha m'ma 5 koloko, samusa atazizira, oimba atayasamula. Oyankhula adali anayi, ndipo aliyense adayamba ndi kutchula maudindo a anthu onse a pa mipando ya kutsogolo, kuyambira wamkulu kufikira wamng'ono, osadumphapo ndi mmodzi yemwe, kotero kuti dzina la mnyamata wojambula zithunzi za chionetserocho, amene adagona ndi njala pogula utoto, lidatchulidwa kamodzi kokha, ndiponso molakwika.

Atadula kansalu, bwanayo adayendera zithunzi ndi liwiro la munthu woyendera munda wa eni ake, kufikira adaima pa chithunzi china cha mitundu yosokonekera. Napinda manja kumbuyo, napendeketsa mutu, nalengeza kuti indetu apa akuonapo phiri la Mulanje litafunda mitambo, ndi tsogolo lowala la dziko lino likutuluka kuseri kwake. Khamu lonse lidavomereza. Ena adaonamo ngakhale nsonga ya Sapitwa. Wojambula yekha ndiye adatuluka thukuta, pakuti iye adajambula tambala ali pamwamba pa nkhokwe, ndipo kalipentala, pothamangira nthawi, adachipachika chadodolido.

Alendo atabalalika, mbale zili mbee, akulu oyang'anira nyumbayi adamtonthoza mnyamatayo ndi mbiri yoona ya ku New York, kumene m'chaka cha 1961 akatswiri a Museum of Modern Art adapachika chithunzi cha Henri Matisse mozondoka, chikhalire chotero masiku 47, anthu zikwizikwi akudutsa ndi kugwedeza mitu mwanzeru, kufikira mlendo wina wamaso adawatsina khutu. "Ngati zidagwera iwo a ndalama zao," adatero akuluwo, "ndife yani ife?"

Pamenepo amayi osesa, amene adali kutola timapepala topukutira m'manja, adaweramuka nati, "Bwana, ine ndidaona m'mawa kuti miyendo ya tambalayo yaloza kudenga."

"Nanga bwanji simudanene, amayi?"

"Ndimayesa ndi mmene mumafunira, bwana. Zaluso za masiku ano n'zovuta."

Mlondayo naye adavomera kuti adachiona, koma adati lamulo limene adapatsidwa ndi lakuti chithunzi chisagwiridwe, ndipo iye sakadakhala woyamba kuliswa.

M'mawa mwake kalipentala adafika ndi makwerero kuti akonze cholakwacho, koma adapeza akuluwo atatambasula nyuzipepala pa tebulo, m'mene mudatuluka bwana uja akuloza phiri la Mulanje ndi chala, pansi pake patalembedwa mau ake onse a tsogolo lowala. Tsono popeza kutembenuza chithunzicho kukadakhala kutembenuza mau a munthu wamkulu, chinthu chimene sichichitika m'tauni muno, adagwirizana kuti makwerero abwerere kumene adachokera, ndipo kalaliki adatumidwa kukataipa kapepala kena ka dzina la chithunzicho. Mnyamata wojambula adadandaula masiku awiri. Tsiku lachitatu, atamva kuti mkulu wina wa kampani afuna kugula Mulanje ameneyo kuti akapachike mu ofesi, adafunsa ngati kungatheke kukweza mtengo, popeza phiri ndi lalikulu kuposa tambala.