Ulemu kwa Mfumu Supaguluu

Tiyeni tivule zipewa. Pamsika wa Maramba pali mfumu imene sitiipatsa ulemu wokwanira. Imakhala pakatebulo, pakati pa maloko, mabatire a tochi ndi mankhwala a makoswe, m'kachubu kosaposa chala cha mkombaphala. Dzina lake ndi Supaguluu.

Ine ndinakagwada pamaso pake chifukwa cha sukulu. Mwana wanga anauzidwa kuti apange chifaniziro cha mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya. Aphunzitsi amati ndi ntchito ya mwana, koma wogona mochedwa timamudziwa tonse. Tinapempha kaylite kwa aneba, choyera chopepuka chija amakutira firiji yatsopano (iwo anasangalala, poti mpata wonena za firiji unapezeka), n'kusema matanthwe ndi mpeni wodulira tomato. Chinatsala n'kumata.

"Bwana, uyu amagwira chilichonse," anatero mnyamata wogulitsa pamsika paja. "Chitsulo, galasi, nsapato, ngakhale banja."

Madontho atatu okha. Kaylite anayamba kunyala ngati wathiridwa madzi owira, n'kutsala dzenje. Taonani mphamvu! Zambezi anatha zaka zosawerengeka akukumba chigwa cha Batoka, koma mfumu yathu inakumba chake madzi a tiyi asanawire. Mlatho weniweni uja anaumaliza mu 1905, zitsulo zake zochokera ku England, ndipo mpaka lero malole akuwolokapo kupita ku Zimbabwe. Wathu unagwa mwana asanasambe.

Musati mfumu inalephera kumata ayi. Inamata chala changa chachikulu ku chinzake, mwaluso, popanda kampata. Guluu ameneyu amauma akakhudza chinyezi, ndipo m'kutentha kwa Okutobala kuno ku Livingstone palibe malo achinyezi oposa dzanja la bambo amene akupanga homuweki. Khalidweli anabadwa nalo. Mu 1942 Harry Coover wa ku America ankafuna pulasitiki yoonekera yoika pamfuti za nkhondo, n'kupeza chinthu chokakamira paliponse, ndipo anachikankhira pambali. Chinadzafika m'masitolo mu 1958. Amene anamutulukira anayamba wamukana, ife n'kumulonga ufumu.

Koma chimene ndimamugwadira nacho kwenikweni ndi kachivindikiro. Umaboola kukamwa kwake ndi singano, kudontheza kamodzi, kutseka bwinobwino, kusunga pawindo. Mawa lake ukabwera wapeza mfumu yadzitsekera m'nyumba. Ntchito imene Supaguluu amaigwira mokhulupirika, usiku, popanda womuyang'anira, ndi yomata chivindikiro chake. Ukapotoza ndi pulayala, chubu chimaphulikira kumbuyo. Ukaluma ndi mano... afunseni alamu anga, amene anakhala chete madzulo athunthu, zimene mlongo wanga amazikumbukira mpaka pano ngati tsiku la chikondwerero. Kodi ndi wamalonda uti wina amene katundu wake amadziwononga yekha kuti ubwerenso? Kotala umagwiritsa ntchito, zotsalazo ndi msonkho wa mfumu.

Akatswiri a pamsika amadziwa kumunyengerera. Wokonza nsapato ndi wokonza mawailesi amawazapo soda, pomwepo pamauma gwa ngati mwala. Ena amasungunula kaylite yemweyo mu petulo n'kumatira malata odontha, umboni woti chinthuchi chimaopa chilichonse chonunkha mwaukali, kuphatikizapo guluu wachikasu wa nsapato uja. Bambo wina wachikulire wokhoma mipando atamva dandaulo langa anangoseka.

"Mwanawe, kaylite amafuna guluu woyera wa matabwa. Paka pang'ono, lasa timitengo ta machesi kuti zigwirane, kagone."

Kagone! Usiku wonse kudikira guluu? Ndiye chifukwa chake woyerayo alibe ulemu. Sawotcha, sanunkha, samata zala, amangogwira ntchito. Ife timakonda wa changu. Onani zigamba za m'misewu ya kumakomboni kuno: amathira Lachisanu mlendo wamkulu akamabwera, mvula yoyamba ikagwa dzenje labwerera ndi ana ake. Ndimakayika kuti kapena m'phulamo amasakanizamo mfumu yathu, poti nayonso ikamata imasiya dzenje. Ndipo mabwana ena, amene ngalande zatsekeka iwo akuona, ndikhulupirira anakhalira kachubu tsiku lolowa ofesi. Fomu yako sigwira patebulo pawo, imasowa sabata yomweyo, koma thalauza ndi mpando zinagwirana mpaka kalekale.

Mlatho wachiwiri tinamata ndi woyera uja, ndipo unaima. Dzenje lija tinalisiya, mwana analipaka utoto wobiriwira n'kuuza aphunzitsi kuti ndi Boiling Pot, dziwe la m'munsi mwa mathithi. Anamuyamikira pamaso pa kalasi yonse. Dzulo patapata wanga waduka chingwe, ndiye ndinapitanso kwa mnyamata uja. Asanandipatse moni n'komwe anali atang'amba kale kachubu pakhadi.

"Awiri, bwana? Mawa mudzafunanso."