Boma lindibwezere ndalama za Panado

Ku Joni munthu ukadwala, boma limakupepesa ndi ndalama. Anandiuza zimenezi ndi mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, munthu wosanama kupatula akamatchula tsiku lotumiza ndalama. Akuti kumeneko bungwe lotolera misonkho, SARS, limachepetsera msonkho aliyense amene amalipira sikimu ya zachipatala. Mu 2024 ankachotsera R364 pamwezi kwa mwini wake, R364 inanso kwa munthu woyamba amene wamulembetsa, ndi R246 pa mutu uliwonse wotsatira. Ukawononganso zambiri za m'thumba mwako kuchipatala, umasunga malisiti n'kukawaonetsa, mwina n'kukubwezerako kenakake.

Pa mutu uliwonse! Kwathu ku Sadzi mitu ilipo yambiri, ndipo imadwala molandizana ngati chipereganyu: mwana akachira malungo, dzino la amake limayamba, dzinolo likazulidwa, msana wanga umati nanenso ndilipo. Ndinawerengera pamtima ndipo ndinaona malata atsopano padenga.

Vuto linali malisitiwo. Matenda a kwathu kuno sasiya lisiti. Kuchipatala cha boma sulipira, amangolemba m'kabuku kako kaja, koma tsiku limene mankhwala atha amakulembera dzina lake kuti ukagule wekha. Kufamase lisiti amapereka, inde, koma inki yake imafufutika msanga kuposa matendawo. Panado timagula awiriawiri paokala, atakulungidwa m'kapepala kong'ambidwa m'kope la masamu. Nanga Fanta wa odwala? Nanga nthochi ndi mabanzi zimene odzazonda amamaliza wodwala akuyang'ana? Nanga nkhuku imene inapita kwa agogo ena a mizu, amene anati msana wanga ndi wochita kuponderezedwa ndi anthu ansanje? Ansanje ake a chiyani, poti njinga yanga ilibe ngakhale mabuleki.

Ndinayesa kwa mnyamata wa kabaza amene anatitengera kuchipatala usiku wina mwana atatentha thupi.

"Aise, undilembereko lisiti la ulendo uja."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi. "Madala, mwana ali moyo?"

"Ali moyo."

"Lisiti lake ndi lomwelo."

Komabe ndinatolera zimene ndinapeza, n'kuziika m'jumbo, n'kupita kwa aneba anga, bambo wopuma pantchito amene moyo wawo wonse ankawerengera ndalama za anthu ena. Ndinkafuna andilembere kalata ya Chingerezi chokhwima yopita ku Msonkho House ku Blantyre, kulikulu la MRA. Anavala magalasi, natulutsa pepala loyamba, nalitembenuza uku ndi uku. Linali loyera mbee.

"Achimwene, ili ndi la chiyani?"

"La dzino."

"Oho." Analiika pambali mwaulemu waukulu. Kenaka anandifotokozera kuti za mlamu wangazo n'zoona, koma ndi za kumeneko. Kuno munthu wapantchito amadulidwa PAYE pa malipiro ake, ndipo palibe kabokosi kolembamo kuti chaka chino ndadwala kwambiri. Amene ali ndi mwayi ndi aja mabwana awo amawalipirira sikimu ya MASM. Ndinayamba kukwiya m'malo mwa Amalawi onse odulidwa msonkho, mawu akukwera, chala chili m'mwamba, mpaka anandifunsa chapansipansi kuti ndimalandira zingati.

Ndinawanong'oneza, poopa ana awo amene ankasenda chimanga pakhonde.

Anavula magalasi aja. "Ndiye inu achimwene, akubwezereni chiyani? PAYE simudulidwa n'komwe."

Zoti pali mzere sindinkazisamala. Mu 2020 boma linati wolandira K100,000 kapena kucheperapo asadulidwe, ndipo mu 2024 mzerewo unafika pa K150,000. Nthawi zonse akalengeza pawailesi ndinkaomba nawo m'manja, osadziwa kuti mzerewo ukungondithawa, ine ndili pansi pake phee. Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipa pabawo kuti "misonkho yathu ikupita kuti?" Anthu ankandipatsa ulemu. Ena ankandiitana kuti bwana.

Aneba anandipepesa pondiuza kuti ndisadzione wochepa. Msonkho ndimapereka ndithu: VAT, amene kwa zaka zambiri anali 16.5 peresenti, amandipeza pa mayunitsi a foni ndi pa katundu wambiri wa m'sitolo. Kungoti ameneyo sabwerera, kaya udwale kaya ufe. Anawonjezanso kuti ife a ku Zomba tisamadandaule kwambiri, chifukwa msonkho m'dziko muno unakulira pakhomo pathu pomwe. Harry Johnston, atakhala m'munsi mwa phiri lathuli m'zaka za m'ma 1890, ndiye anayamba kutolera msonkho wa nyumba, ndipo palibe anamvapo kuti anabwezera munthu chifukwa cha chifuwa.

Ndikanangotaya jumbo ija panjira, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinafika nayo kunyumba, ndipo amake mwana anaikhuthulira pamphasa. Iwowa sanapiteko kusukulu ya zowerengera ndalama, koma pepala lofufutika amaliwerenga. Pakati pa malisiti a kufamase panatuluka kapepala kolembedwa pamanja, kochokera kwa mayi wina wogulitsa Chibuku kumsika, kokumbutsa za ngongole.

"Abambo ake, awa ndi mankhwala a chiyani?"

"A m'mimba. Muli chimanga ndi mapira."

"Mapaketi onsewa?"

"Matenda anali aakulu."

Anapinda kapepalako n'kukaika pamfundo ya chitenje. Kuyambira mwezi umenewo malipiro anga amadulidwa asanalowe m'thumba, popanda mzere uja, popanda fomu, ndipo kodandaulira kwake ndi kwa apongozi, amene anandibwereka ndalama ya dzino lija.