Maso a Nkhono pa Chipata cha Mwanza

Mwa miyambi yonse imene makolo anasiya, palibe umene boma la Malawi laugwiritsa ntchito mokhulupirika kuposa uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ngakhale sunalembedwe m'malamulo a dziko, aliyense amene malipiro ake amachokera ku Capital Hill, komwe kuli maunduna a boma mumzinda wa Lilongwe, amaudziwa ngati ndime ya mgwirizano wake wa ntchito. Mwambiwu unabadwira pa chinthu chooneka: nkhono ili ndi tinyanga tinayi, ndipo maso ake ali kunsonga kwa tiwiri tatitali tam'mwamba, timene imatimeza munthu akangoikhudza, kotero kuti wofuna kuwaona ayenera kukhala chete, manja ali kumbuyo, mpaka kanyamako katakhulupirira kuti choopsa chapita. Langizoli linkathandiza alenje, ofunsira mbeta ndi oweruza milandu pabwalo. Makolowo sanalote kuti kudzabwera mtundu wina wa nkhono, wokhala ndi maofesi, zidindo ndi magalimoto a mbendera, umene khalidwe lake limasemphana ndi la nkhono ya kudimba pafupifupi pa chilichonse.

Dera la Mfumu Nthache m'boma la Mwanza ndi malo oyenera kuphunzirirapo kusiyanaku, chifukwa lili m'malire ndi chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique, ndipo chapafupi pali chipata cha Mwanza choyang'anana ndi Zobue, pamene msewu wa M6 umatulukira kulowera ku Tete, ku doko la Beira, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Kumeneku kudekha kwa mitundu iwiri kumakumana tsiku ndi tsiku, kwa dalaivala wa thiraki amene akuphika nsima pa mbaula pansi pa galimoto yake podikira mapepala, ndi kwa mphunzitsi amene wakwera kabaza mbandakucha kupita paboma kukaona ngati malipiro atuluka. Pamzere wa makina otulutsa ndalama moni wa masiku onse amafupikitsidwa kukhala mawu amodzi, akuti “Zalowa?”, ndipo yankho lake silifuna pakamwa, popeza nkhope ya amene akuchoka pamakinapo imawerengeka ngati chikwangwani. Chapataliko pamakhala pataima munthu wodekha kuposa onse, wa katapila, amene ndi wobwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chokwera kwambiri, yemwe nthawi zambiri amasunga khadi la kubanki la mphunzitsiyo m'thumba mwake ngati chikole. Mwa anthu onse a m'nkhaniyi, ndi iye yekha amene maso a nkhono amawaona mwezi ndi mwezi mosalephera.

Chaka cha 2013 ndicho chinapereka umboni woonekeratu wa khalidwe la nkhono ya boma. Mu May 2012 boma la Joyce Banda linagwetsa mphamvu ya kwacha, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inkagulidwa pafupifupi K168, inafika pa K250, ndipo mitengo ya zinthu inathamanga pamene malipiro ankakwawa. Ogwira ntchito m'boma anadekha miyezi isanu ndi inayi, manja ali kumbuyo monga mwambi ukulamulira, koma tinyanga sitinatuluke. Mu February 2013 bungwe lawo la Civil Servants Trade Union linatsogolera sitiraka, ndiko kunyanyala ntchito pamodzi, pofuna kuti malipiro akwere ndi 65 peresenti, ndipo boma linayankha kuti m'thumba mulibe kanthu. Sukulu zinatsekedwa, ana anaguba m'misewu, odwala anasowa owathandiza m'zipatala, koma chigoba chinali chikhalirebe chotseka. Kenaka ogwira ntchito pabwalo la ndege la Kamuzu analowa nawo m'sitirakayo, ndege zinaleka kutera, ndipo pasanathe masiku awiri maso onse awiri anatuluka nthawi imodzi: olandira zochepa anawonjezeredwa 61 peresenti, olandira zambiri 5 peresenti. Wophunzira za chilengedwe angadabwe nazo zimenezi, chifukwa nkhono ya kudimba imabisa maso ikakhudzidwa, pamene ya boma imawatulutsa pokhapokha itabayidwa ndi kamtengo, ndiponso pamalo amene iyo imamva kupweteka, omwe si kalasi ya ana 100 ya kumudzi ayi, koma chipinda chodikiriramo ndege.

Chigoba cha nkhono imeneyi chimatchedwa komiti, ndipo chilankhulo chake chili ndi ziganizo zochepa zimene zimabwerezedwa mosasamala kuti chipani cholamula ndi chiti: nkhaniyi ikuunikidwa, zokambirana zili m'kati, aphunzitsi abwerere m'kalasi pamene boma likuona chochita. Aphunzitsi a bungwe la Teachers Union of Malawi anazimva mu June 2017 pamene ananyanyala chifukwa cha ndalama za tchuthi, zimene wogwira ntchito m'boma amayenera kulandira kamodzi pachaka, ndipo anazimvanso mu 2021 pamene ankafuna ndalama za chiopsezo pa mliri wa Covid-19, koma anauzidwa kuti ntchito yawo si yoopsa kwenikweni, yankho limene likanamveka bwino likanaperekedwa ndi munthu amene anaimapo kutsogolo kwa Sitandade 1 m'mwezi wa chifuwa. Pali chinthu chimodzi chokha chimene nkhono ziwirizi zimafanana, chomwe ndi kutsata nyengo. Ya kudimba imadzimata m'chigoba chilimwe chonse n'kutuluka ndi mvula yoyamba, pamene ya boma mvula yake imagwa kamodzi pa zaka zisanu, ndipo pa nyengo yotero makalata okweza anthu pantchito amamera ngati bowa.

Wa m'malire amamva kuchedwaku msanga kuposa wa m'kati mwa dziko, popeza kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, anyamata osintha ndalama amene amaima m'mbali mwa msewu ndi mipukutu ya makwacha ndi mametikali, ndalama za ku Mozambique, amasintha mitengo tsiku lomwelo osaitanitsa msonkhano uliwonse. Malipiro a mphunzitsi wa kwa Nthache amachepa asanafike m'manja mwake, ndipo thumba la chimanga la tsidya linalo limaoneka ngati lasamukira kutali ngakhale lili pamalo omwe lija.

Chosangalatsa n'chakuti boma lomwe limaphunzitsa kudekha linapezeka kuti silinakhoze phunzirolo pamene mayeso anabwera kuchokera ku Maputo. Pa 23 October 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, limene linkayenera kulumikiza Malawi ndi nyanja ya mchere kudzera m'mitsinje ya Shire ndi Zambezi, ndipo Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia analipo ngati mboni. Panali magule, zolankhula ndi mbendera, ndipo chinasowa ndi chimodzi chokha, bwato lonyamula feteleza limene linkayenera kukocheza padokopo, chifukwa akuluakulu a ku Mozambique anali ataligwira pa Zambezi ponena kuti kafukufuku wa zachilengedwe ayambe wachitika. Mwa mawu ena, anati nkhaniyi ikuunikidwa. Atsogoleri atatu anayang'ana kumunsi kwa mtsinje monga mphunzitsi amayang'anira makina a kubanki, ndipo mpaka lero katundu wa Malawi akudutsabe pa Mwanza ndi pa njanji ya ku Nacala, pamene dokolo likudikira.

Anthu a kwa Nthache, amene ubale wawo ndi a tsidya linalo ndi wa chinenero, maukwati, misika ndi maliro, sanadikire komiti pamene mavuto anafika pakhomo. Kumayambiriro kwa 2016 anthu oposa 10,000 othawa nkhondo ya pakati pa asilikali a boma la Mozambique ndi a gulu lotsutsa la Renamo anasonkhana m'mudzi wa Kapise, ndipo pamene maboma awiriwa ankakokanakokana ngati anthuwo atchedwe othawa kwawo kapena auzidwe kubwerera, eni mudzi anali atagawana nawo kale malo, madzi ndi nkhuni. Mu April chaka chomwecho ndi pamene othawawo anayamba kusamutsidwira ku kampu ya Luwani m'boma la Neno, imene inasungapo anthu a ku Mozambique pa nkhondo yoyamba ija yomwe inatha mu 1992.

Masamu a nkhaniyi ndi osavuta. Nkhono ya kudimba imayenda pafupifupi milimita imodzi pa sekondi, kutanthauza mamita 86 patsiku ngati siima kuti ipume, ndipo popeza kuchokera ku Mwanza kudzera pa Zalewa kukafika ku Lilongwe pali mtunda wa makilomita pafupifupi 300, nkhono yonyamuka kwa Nthache itasenza kalata yofunsa malipiro otsalira ingafike ku Capital Hill patatha zaka zisanu ndi zinayi ndi theka, nthawi yokwanira zisankho ziwiri. Nkhonoyo imasiya kanjira konyezimira paliponse pamene yadutsa, kotero kuti mwini kalata akhoza kuilondola n'kudziwa kuti yafika pa Balaka kapena pa Ntcheu, mwayi umene fayilo sipereka, chifukwa ikasowa mwini wake amauzidwa kuti abweretse mapepala ena atatuatatu, odindidwa ndi ahedi, Lolemba likudzali.