Moto Ukazimira mwa Mkulu: Mwambi wa Dambo ndi Sitima za Malasha za ku Moatize

Mwambi wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto unachokera pa zimene aliyense wokulira kumudzi anaona ndi maso ake m'chilimwe, pamene moto wolusa, umene kawirikawiri amayatsa ndi anyamata osaka mbewa, umanyambita tchire lonse kuchokera kuphiri mpaka kukafika pa chinyontho cha m'dambo, pomwe umafooka, n'kufuka utsi pang'ono, n'kufa. Tanthauzo lake ndi lakuti mkangano umene wakanika achinyamata, ngakhale utayaka chotani, ukafika pa mphasa ya akulu umazizira. Koma amene anapeka mwambiwu sanaganizireko za mtundu wina wa nkhalamba umene unadzabwera ndi Apwitikizi ndi Angerezi, nkhalamba yachitsulo imene ulemu wake wonse uli pa moto wa m'mimba mwake, moti motowo ukazima palibe amene amaomba m'manja kuti mlandu watha, koma amangobwera ogula zitsulo zakutha ndi sikelo yawo. Nkhalamba imeneyi ndi mutu wa sitima ya malasha, ndiko kuti injini yokoka mabogi pogwiritsa ntchito nthunzi, ndipo tauni ya Moatize, m'chigawo cha Tete, ndi malo oyenera kuyeserapo ngati mwambiwu umagwiranso ntchito pa akulu otere.

Njanji inafika ku Moatize mu 1949, kuchokera ku Dona Ana, mtunda wa makilomita pafupifupi 254, ndipo chimene chinaikokera kumeneko si kukongola kwa malo kapena chifundo pa anthu oyenda pansi, koma malasha. Ku Dona Ana inalumikizana ndi njanji yopita ku Beira kudzera pa mlatho wa pa Zambezi umene unatsegulidwa mu 1935, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. M'masiku amenewo zinthu zinali m'chimake, pakuti sitima yonyamula malasha inkadyanso malasha, ngati mayi wopita kuchigayo amene amatapako chimanga cha m'dengu lomwelo n'kukazingira ana a panjira.

Kuti nkhani imveke, nkofunika kulongosola za m'mimba mwa mkuluyu. Pakati pake pali chimphika chachitali chogona chammbali, chotchedwa boila, chodzaza madzi, ndipo kumbuyo kwake kuli ng'anjo imene wosonkha moto amaponyeramo malasha ndi fosholo tsiku lonse. Kutentha kwa m'ng'anjo kumadutsa m'mapaipi ambirimbiri olowa m'madzimo, madzi n'kuwira, nthunzi n'kupanikizana mpaka kukankha zitsulo zimene zimatembenuza mawilo. Choncho injini ya nthunzi ndi moto ndi dambo zokhala m'nyumba imodzi, ndipo ntchito yonse ya oyendetsa ndi kuonetsetsa kuti awiriwa akukhala moyandikana osagonjetsana. Amisiri anaikamonso nkhoswe yawoyawo, kachitsekero kokhala ndi mtovu pakati, komangidwa padenga la ng'anjo. Madzi akachepa mpaka dengalo kuyamba kuuma, mtovuwo umasungunuka, nthunzi ndi madzi n'kupopera pamoto ndi mkokomo wochenjeza, boila isanaphulike. Kachitsulo kosaposa nkhonya ya mwana kameneka ndiko kamatsatira mwambi uja mokhulupirika kuposa ankhoswe ambiri a masiku ano, chifukwa sikafunsa nkhuku kasanazimitse moto.

Moto wa ku Moatize sunazimitsidwe ndi kachitsekero. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inadula njanji ya Sena, yopita ku Beira ija, m'zaka za m'ma 1980, mlatho wa Dona Ana unawonongedwa, ndipo mitu ya sitima imene inali kumapeto a njanji inatsala chiimire m'depoti, yopanda kopita. Katundu wa ku Malawi anasamukira pamsewu wodutsa ku Tete ndi ku Zóbuè, kumene malole ankayenda mondondozana asilikali ali patsogolo ndi pambuyo. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, koma sitima yonyamula malasha sinachokenso ku Moatize kupita ku Beira mpaka mu 2011, kampani ya ku Brazil ya Vale itatsegula mgodi wake, ndipo pofika nthawiyo okoka mabogi anali achinyamata akumwa dizilo, amene amadzuka ndi batani limodzi osafuna kuwothetsedwa moto usiku wonse.

Kudzutsa mkulu amene wagona zaka makumi angapo si nkhani ya machesi ndi nkhuni. Amisiri amayamba ndi kumuvula zonse, n'kutulutsa boila, n'kuyeza ngati dzimbiri lasiyako chitsulo chokwanira, kenaka amagogoda ndi nyundo timisomali tambirimbiri togwira makoma a ng'anjo, kamodzikamodzi, akumvetsera ngati munthu wosankha mavwende pamsika, pakuti kabwino kamalira ndipo kothyoka kamangoti phu. Mapaipi onse amasinthidwa. Zikatha izi boila imadzazidwa madzi ozizira n'kupopedwa mwamphamvu kuposa mmene idzagwirire ntchito, chifukwa madzi ozizira akapeza mng'alu amangodontha, pamene nthunzi ikapeza mng'alu womwewo imasasula denga la depoti. Ngakhale tsiku loyatsa likafika, moto umayamba ndi nkhuni ndi nsanza za mafuta, n'kumakula pang'onopang'ono kwa maola ambiri kuti zitsulo zifutukuke mofanana, monga mmene agogo sadzutsidwira ndi kukokedwa mkono. Ndipo ku Britain, kumene njanji zosungira mbiri, ndiko kuti njanji zoyendetsedwa pofuna kuti anthu aone za kale, zilipo zambiri, boila iliyonse imaphwasulidwanso pakatha zaka pafupifupi 10, choncho amene wadzutsa mkulu wotereyu wadzitengera wodwala wa moyo wonse.

Mtengo wake ndi umene umazimitsa moto wa ambiri. Injini yotchuka ya Flying Scotsman, yopangidwa mu 1923, inagulidwa ndi National Railway Museum ya ku York mu 2004 pa mtengo wa mapaundi 2.3 miliyoni, ndipo kuikonza, kumene kunatenga zaka 10 mpaka mu 2016, kunadya mapaundi 4.2 miliyoni. Apa mankhwala anaposa malowolo.

Komabe sipafunika kuoloka nyanja kuti munthu aone kuti zimatheka. Ku Livingstone, m'dziko la Zambia, sitima ya Royal Livingstone Express imakokedwa ndi mitu ya nthunzi yokonzedwanso, umodzi mwa iyo ndi nambala 156, umene unapangidwa ku Glasgow mu 1922 ndipo unakalambira pa ntchito yokoka mitengo pa njanji ya Zambezi Sawmills yopita ku Mulobezi. Lero umanyamula alendo odzaona malo, amene amadya chakudya chamadzulo ndi mipeni ndi mafoloko sitima ikukwawa kupita ku mlatho wa Victoria Falls. Wofufuza wa chikhalidwe cha anthu ayenera kuima pang'ono pamenepa, chifukwa kale wosauka ankalipira pang'ono kuti afike msanga kumene akupita, n'kumadandaula utsi ukamulowa m'maso, pamene lero wolemera amalipira zambiri kuti ayende pang'onopang'ono, abwerere pomwe anakwerera, ndipo utsi ukachepa ndiye amadandaula kuti chithunzi sichinaoneke bwino. Ku Malawi ndi ku Maputo anasankha njira yotsika mtengo, yoika akulu pakhonde: pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, mu Blantyre, pali mutu wa sitima wongoima, ndipo nyumba yotere ya kampani ya njanji ya CFM inatsegulidwa pa siteshoni ya Maputo mu 2015. Mkulu wa pakhonde amapakidwa penti ndi kujambulidwa, koma salankhula.

Chodabwitsa chachikulu chili pa kagawidwe ka chakudya. Mgodi wa Ffos-y-fran ku Wales, umene unkadyetsa njanji zambiri zosungira mbiri za ku Britain, unatsekedwa mu 2023, moti eni injini zonyezimira kumeneko amaitanitsa malasha kuchokera kumaiko akutali, ena akuyesa zoumba za zinyalala za mbewu. Ku Moatize malasha ndi amene amadetsa zovala pachingwe. Amatuluka pa sitima zazitali, zina kulowera ku Beira, zina za mabogi oposa 100 pa njanji ya makilomita 912 imene inatsegulidwa mwamwambo mu 2017, yodutsa m'Malawi mpaka ku doko la Nacala-a-Velha, ndipo mgodi waukulu, umene Vale inagulitsa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, umadyetsa ng'anjo zosungunula zitsulo za kutsidya kwa nyanja. Sitima zonsezi zimamwa dizilo wogula kunja. Pamsewu wopita ku Zóbuè, tauni ya pamalire imene njanji yatsopanoyo inailambalala, wapaulendo amaona matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwa phula, pamwamba atalukidwa ndi timitengo ndi luzi kuti thumba limodzi lioneke ngati limodzi ndi theka, pakuti m'dziko la malasha nsima imaphikidwabe ndi mitengo yootcha. Kwina kuli akulu opanda chakudya, kuno kuli chakudya chopanda akulu.

Njanji ya ku Moatize inaonaponso moto wa mtundu umene mwambi umanena kwenikweni. Mu Januwale 2012, anthu amene anasamutsidwira ku Cateme kuti apereke malo a mgodi, mabanja oposa 700, anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka, ndipo amene anafika msanga pamalopo anali apolisi, osati dambo. Izi zikusonyeza kuti aliyense wofuna kuyendetsa sitima ya alendo m'dera limeneli ayenera kuganiza kaye za amene adzaimirire m'mbali mwa njanji akuiona ikudutsa, chifukwa sitima yonyamula anthu odya ndi mafoloko pakati pa anthu amene anataya minda yawo siingatchedwe yosunga mbiri, pokhapokha ngati mbiri yake ndi ya atsamunda. Ngati mutu umodzi udzayatsidwenso ku Moatize, bogi loyamba liyenera kukhala la ana a sukulu a ku Cateme ndi ku Zóbuè, ndipo alendo a makamera akhale kumbuyo, kumene utsi umene amaukonda umafika wokwanira.

Pali mbali imodzi imene mwambi uja umakwanira popanda kuukakamiza, ndipo ndi yosasekesa kwenikweni. Chitsulo chimapangidwanso, ndipo mapaipi amaitanitsidwa, koma luso lodziwa ndi khutu kuti msomali wa ng'anjo wathyoka, kapena kudziwa ndi mtundu wa utsi kuti fosholo yapita mbali yolakwika, lili m'mitu ya anthu amene ankagwira ntchito m'depoti njanji isanadulidwe. Mnyamata amene ankasonkha moto ali ndi zaka 20 mu 1980 anadutsa kale zaka 60, ndipo madalaivala amene anamuphunzitsa ndi ochepa amene atsala. Akuluakulu a CFM, asanaitane mmisiri aliyense wodzayeza boila, atumize kaye munthu wa kope ndi cholembera kukakhala pamakonde a madoda amenewa ku Moatize ndi ku Dona Ana, atanyamula shuga ndi masamba a tiyi.